Mazira Khumi ndi Anayi

Kudali kumapeto kwa Januwale 2009, mvula itangokata, pamene agogo aamuna adandiitana pakhonde. Tinkakhala ku komboni ya esiteti ina ya tiyi ku Honde Valley, kum'mawa kwa Zimbabwe, komwe mapiri a Nyanga amatsetserekera kumalire a Mozambique. M'manja mwawo mudali ndalama yapepala yatsopano, ya mtundu wa buluu, yomwe amalume aang'ono adabwera nayo kuchokera ku Mutare. Powapatsa adati, moseka, "Bambo, thiransipoti ya ku Mulanje ija ndi imeneyi."

"Mkazi wanga, tabwera," adatero agogo, pakuti umu ndi momwe ankanditchulira ine mdzukulu wawo wamkazi woyamba. "Iwe wapita kusukulu. Tandiwerengere ndalamayi."

Ndidawerenga m'Chingerezi, momwe zidalembedwera papepalapo. Iwo adapukusa mutu.

"Zimenezo ndazimva kale kwa amalume ako. Ndikufuna m'chiyankhulo chakwathu. Ndi zingati?"

Ndidayang'ana 1 woyambayo, kenaka ndidayendetsa chala pa maziro ake. Agogo ankawatcha mazira, ndipo tidawawerenga limodzi mpaka tidapeza 14. Koma dzina la nambala yonseyo m'Chichewa lidandisowa. Ndidali ndi zaka 18, nditangolemba mayeso a Fomu 6, ndipo ndidachita manyazi ngati wagwa pa mpanda wa mwini. Agogo adapinda ndalama ija bwinobwino n'kuilowetsa m'kathumba kapulasitiki momwe ankasungiramo chitupa chawo.

Lero ntchito yanga ndi yomasulira. Ndimakhala tsiku lonse ndikusamutsa mawu kuchokera ku Chingerezi ndi Chishona kupita ku Chichewa, ndipo anthu akandifunsa kuti ndidayamba bwanji ndimawauza za yunivesite. Zoona zake n'zakuti ndidayambira pakhonde paja, ndi ntchito yomwe idandikanika. Ndalama ija ili ndi ine tsopano. Nambala yake ndi 100,000,000,000,000, ndipo ndatha zaka ndikuitembenuza uku ndi uku ngati mmene mayi amatembenuzira dzungu pamsika asanagule.

Chichewa chimawerenga ndi dzanja. Tili ndi mawu a chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, ndipo zala zikatha timayamba kuwonjezera: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka manja onse awiri atakwana khumi. Pamwamba pake pali zana, kenaka chikwi. Kupitirira apo, ambiri timangobwereka: miliyoni, biliyoni, thiriliyoni. Ndipotu pa ndalama tidasiya kalekale ngakhale mawu omwe tili nawo. Wogulitsa tomato sanena kuti zikwi ziwiri, amati thuu sauzande. Komabe yankho lomwe agogo ankafuna lidalipo, ndipo ndidalipeza mochedwa. Miliyoni ndi chikwi cha zikwi. Biliyoni ndi chikwi cha zikwi za zikwi. Ndalama yawo idali zana la zikwi za zikwi za zikwi za zikwi. Mawu amenewa ndi Chichewa chenicheni, alibe chobwereka, koma munthu akawamva amangoona ngati wolankhulayo ndi wachibwibwi.

Agogo sankadziwa kuwerenga kalata, koma pa masamu padalibe wowapusitsa. Adachoka ku Mulanje mu 1958, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ali mnyamata wodziwa kale kutchola tiyi. Ankafuna kugwira ntchito zaka ziwiri, kugula njinga ndi malata, n'kubwerera. Adadutsa ku Tete monga anzawo ambiri a nthawi imeneyo, ndipo ntchito yoyamba adaipeza ku Chipinge, dera lomwe ulimi wa tiyi udayambira m'dzikomo. Kumeneko, pa munda wa New Year's Gift, mbewu zochokera ku Assam m'dziko la India zidabzalidwa m'ma 1920, ndipo n'kumene kudachokera kampani ya Tanganda. Mayina a maesiteti a kumeneko, Ratelshoek, Jersey, Zona, Southdown, agogo ankawatchula ngati mayina a midzi ya kwawo. Patapita zaka adasamukira ku Honde Valley, kwa Amanyika, dera la mtsinje wa Pungwe ndi maesiteti a Aberfoyle, Eastern Highlands ndi Katiyo. Adakwatira komweko, ndipo adabereka ana atatu: amalume aakulu, amayi anga, ndi amalume aang'ono. Ku Mulanje anthu otere amawatcha matchona.

Moyo wa wotchola tiyi ndi moyo wa manambala. Umatchola masamba awiri ndi kansonga, n'kuponya m'dengu la kumsana, kuyambira mame asanakamuke. Dengu likadzaza umapita nalo pa sikelo, kalaliki n'kulemba makilogalamu ako m'buku. Malipiro amatsata makilogalamuwo. Pamafunika makilogalamu anayi kapena asanu a masamba aawisi kuti kufakitale kutuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Agogo ankasunga kaundula wawo m'mutu, ndipo pofika tsiku la malipiro ankadziwa kale zomwe zili mu envulopu. Tsiku lina kalaliki adadumpha mzere umodzi, agogo adamuwerengera makilogalamu a masiku onse a mwezi umenewo, tsiku ndi tsiku, mpaka kapitawo adalamula kuti buku liwonedwenso. Nkhaniyi ankaikonda, ndipo ankaimaliza ndi mawu omwewo: "Munthu anganame, koma nambala sinama."

Chikhulupiriro chimenechi n'chimene chidawachititsa kuti ndalama za ulendo wobwerera kwawo aziika kubanki. Anzawo ena adagula mbuzi, ena makina osokera. Iwo adali ndi kabuku, ndipo nambala yomaliza yolembedwamo ndi madola 92,000. Mu 1980, pamene Zimbabwe idalandira ufulu, dola imodzi ya dzikolo inkaposa dola ya ku America. Agogo adayamba kusunga ndalama ikadali ndi mphamvu yoteroyo, ndipo adapitiriza ngakhale mitengo itayamba kuthamanga, poganiza kuti zinthu zibwerera m'chimake.

Mu Ogasiti 2006, banki yaikulu ya dziko, motsogozedwa ndi a Gideon Gono, idachotsa maziro atatu pa ndalama. Madola 92,000 adasanduka 92. Pa 1 Ogasiti 2008 idachotsanso maziro khumi, kutanthauza kuti madola 10,000,000,000 akale adakhala dola imodzi. Gawani 92 ndi nambala imeneyo, mupeza ziro, ndipo 92 yenseyo ndi yotsala. Boma lenilenilo lidalengeza kuti mu Julaye 2008 mitengo idali itakwera ndi maperesenti 231 miliyoni pa chaka. Ndalama ya buluu ija idatuluka mu Januwale 2009, ndipo pa 2 Febuluwale, patangotha masiku ochepa tili pakhonde paja, maziro ena 12 adachotsedwa, iyo n'kusanduka madola 100. Onse pamodzi maziro ochotsedwa adakwana 25. Mukabwezera pa ndalama ya agogo maziro 13 omwe adachotsedwa iyo isanasindikizidwe, kuti muiwerenge m'madola omwe iwo ankalandira pa sikelo, mupeza 1 wotsatidwa ndi maziro 27. Koma kondakitala wa basi ya ku Hauna adaikana. Ankafuna marandi.

Zaka zingapo zapitazo ndidapatsidwa ntchito yomasulira maphunziro a masamu a ana a pulayimale, ndipo ndidakakamizika kupeza mawu a zinthu zomwe ndidaziphunzira m'Chingerezi mokha. Usiku, ntchito ikatha, ndinkatenga nambala ya agogo n'kumaiyesa ndi zonse zomwe ndamasulira tsikulo, ngati mwana amene wapatsidwa mpeni watsopano.

Choyamba ndidaiphwanya. Pali manambala ena omwe sagawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni: 2, 3, 5, 7, 11, 13 ndi ena otero. Ndimawatcha manambala osagawika. Nambala ina iliyonse yoposa 1 imapangidwa pochulukitsa osagawikawa, ndipo njira yake ndi imodzi yokha. Khumi ndi 2 kuchulukitsa ndi 5. Nambala ya agogo ndi makumi 14 ochulukitsidwa motsatizana, choncho m'kati mwake muli ma 2 okwana 14 ndi ma 5 okwana 14, basi. Mulibe 3, mulibe 7. Chimphona chonsechi chidamangidwa ndi manambala awiri omwe Chichewa chimawerengera: zala zisanu, manja awiri. Ndikadadziwa zimenezi pakhonde paja, bwenzi nditawauza agogo kuti atambasule manja awo, ndipo akanamvetsa.

Chachiwiri ndidawerenga manambala omwe amaigawa popanda chotsala. Kuti upange nambala yotere umasankha ma 2 angapo, kuyambira osatenga ngakhale mmodzi mpaka kutenga onse 14, zomwe ndi njira 15. Ma 5 nawonso njira 15. Ndiye 15 kuchulukitsa ndi 15, manambala oigawa alipo 225. Manambala ambiri oigawa awo amakhala awiriawiri, monga 12 amene ali ndi 1 ndi 12, 2 ndi 6, 3 ndi 4. Koma 225 sagawika pawiri, ndiye kuti pali mmodzi wopanda mnzake. Ameneyo ndi 10,000,000, amene amadzichulukitsa yekha kuti apange nambala yonseyo. Tanthauzo lake n'lakuti mutakhala ndi mitengo ya tiyi yochuluka chomwecho, mungaibzale m'munda wa mbali zinayi zofanana, mizere 10,000,000, mzere uliwonse mitengo 10,000,000, osatsala ngakhale umodzi. Mutasiya mita imodzi pakati pa mtengo ndi unzake, mbali imodzi ya mundawo ingatalike makilomita 10,000, womwe ndi mtunda wochokera pa equator kukafika ku North Pole. Ndipo wina atati awerenge mitengoyo, umodzi pa sekondi, usana ndi usiku osapuma, angathe zaka zoposa 3 miliyoni.

Chachitatu chidandiseketsa ndekha pakati pa usiku. Cha m'ma 100, katswiri wina wa masamu, Nicomachus wa ku Gerasa, mzinda womwe lero ndi Jerash ku Jordan, adalemba za kugawa manambala m'magulu atatu. Umatenga onse oigawa nambala, kupatula iyo mwini, n'kuwaphatikiza. Akakwana ndendende nambalayo, monga 6 amene ndi 1 ndi 2 ndi 3, imeneyo ndi nambala yangwiro. Akachepa, monga 8 amene oigawa ake amangokwana 7, ndi yoperewera. Akapitirira, monga 12 amene oigawa ake amakwana 16, ndi yosefukira. Ndidaphatikiza oigawa 224 a nambala ya agogo ndipo ndidapeza 149,992,370,597,277. Choncho malinga ndi masamu, ndalama yomwe idalephera kugula tikiti ya basi ili m'gulu la manambala osefukira.

Koma chomwe chidakhudza banja lathu ndi chinthu chaching'ono kuposa zonsezi. Nambalayi sigawika patatu. Chifukwa chake n'chosavuta: 10 ndi 9 kuwonjezera 1, 100 ndi 99 kuwonjezera 1, 1,000 ndi 999 kuwonjezera 1. Ma 9 onsewo amagawika patatu, koma 1 uja amatsala nthawi zonse, ngakhale muwonjezere mazira angati. Anthu awiri angagawane, anayi, asanu, asanu ndi atatu, khumi. Atatu ayi. Aliyense atenga 33,333,333,333,333 ndipo dola imodzi ikhala pamphasa.

Agogo adamwalira mu 2014, ku komboni komweko, m'nyumba yomwe idali m'dzina la ntchito ya amayi. Kwawo ku Mulanje, kwa Alhomwe, katundu wa mwamuna amayang'aniridwa ndi akuchikazi kwake, ndipo mawu aakulu amakhala ndi mwana wa mlongo wake. Koma alongo awo adali kutsidya kwa malire awiri, ndipo makalata adasiya kuyenda ine ndisanabadwe. Tidatsata mwambo wa eni dera wogawa zovala ndi katundu wa malemu pamaso pa anthu. Mkulu wina wa mpingo, mtchona mnzawo wa ku Thyolo, ndiye adakhala pakati. Jekete lidapita kwa amalume aakulu, wailesi kwa amalume aang'ono, bulangete ndi mpando kwa amayi. Chikwanje chodulira tiyi adapatsa mnzawo amene ankagwira naye mzere umodzi. Pomaliza padatsala kathumba kapulasitiki kaja. M'kati mudali chitupa, kabuku ka kubanki ndi ndalama ya buluu.

Apa m'pamene zinthu zidavuta. Amalume aang'ono adati ndalamayo ndi yawo chifukwa ndi iwo adaibweretsa, ndipo adamva kuti alendo okaona mathithi a Victoria Falls amagula mapepala otere ndi madola a ku America. Amalume aakulu adakwiya. Adati mng'ono wawo adaseka bambo awo ndi pepala lopanda ntchito pamene akadatha kuwathandiza ndi marandi enieni kuti akaone kwawo asanafe. Mawu adakula, ndipo zidatuluka zakale zomwe sizinkakhudza ndalamayo n'komwe: amene adapita kusukulu, amene adatsala kumunda, amene ankatumiza shuga ndi amene sankatumiza. Amayi adangowerama. Ine, pofuna kuziziritsa mitima, ndidalankhula ngakhale kuti mdzukulu sayenera kulankhula pamalo otere.

"Amalume, pepani. Ngakhale mutaisintha, ndalama imeneyi sigawika patatu. Itsala imodzi."

Mkulu wa ku Thyolo uja adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adaseka.

"Ndiye chosagawika chipite kwa amene wachiwerenga," adatero, n'kundipatsa kathumba konseko.

Amalume aang'ono sadandilankhule kwa chaka. Mu 2015 banki yaikulu idaitana anthu kuti abweze ndalama zakale, ndipo pepala ngati la agogo linkasinthidwa ndi masenti 40 a ku America. Ndidawatumizira uthenga wowauza zimenezi, ndikuganiza kuti aseka. Adayankha kuti 40 nayenso sagawika patatu. Apo m'pamene tidayambiranso kulankhulana.

M'kathumba muja muli nambala inanso. Nambala ya chitupa cha ku Zimbabwe imathera ndi manambala awiri osonyeza boma lomwe makolo a munthu adachokera. Kwa anthu omwe mizu yawo ili kunja kwa dzikolo, pamalopo pankalembedwa 00. Chitupa cha agogo chimathera choncho, ndipo chidalembedwanso kuti mwini wake ndi mlendo, ngakhale adatchola tiyi wa dzikolo zaka zoposa makumi anayi. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa, ndipo ana a matchona obadwira m'Zimbabwe adauzidwa kuti akane unzika wa dziko la makolo awo, dziko lomwe ambiri adali asanalipondepo. Ochuluka a m'makomboni sadathe kutero pa nthawi yake, ndipo adataya ufulu wovota. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndi omwe adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo omwe kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC. Amayi adapindula nawo. Agogo, obadwira ku Nyasaland, adatsala panja. Pasukulu anzathu ankatitcha mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ndipo ine ndinkayankha m'Chishona chosalala kuposa chawo kuti asandizindikire. Chichewa ndinkachisiya pakhomo ngati nsapato zamatope. Mwina n'chifukwa chake funso la agogo lidandipeza wopanda yankho.

Mu 2019 ndidapita ku Mulanje koyamba. Ndidakwera basi ku Harare, kudutsa pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Malawi pa Mwanza, njira yomweyo ya agogo koma chobwerera. Ndidali ndi dzina la mudzi ndi dzina la mlongo wawo, basi. Minda ya tiyi ya m'munsi mwa phiri idandisokoneza mutu, chifukwa idali yofanana ndi ya kwathu: mizere yomweyo, madengu omwewo, mzere wa anthu pa sikelo. Ndidamvetsa chifukwa chake agogo ankakonda kukhala moyang'ana mapiri madzulo. Amati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, koma ine sindinkadziwa kuti pa malo awiriwa thengo ndi liti.

Mlongo wawo adali atamwalira kalekale. Ndidapeza mwana wake wamkazi, mayi wachikulire amene nayenso adakalambira m'tiyi. Atamva dzina la agogo adakhala pansi, nati mayi ake ankatchula dzina limenelo chaka chilichonse nthawi yokolola, n'kumasiya nkhokwe yaing'ono ya mlendo amene sadafike. Tidalira pang'ono, kenaka adandiphikira nsima ya nandolo. Titatha kudya ndidatulutsa kathumba kaja. Chitupa adachigwira ndi manja awiri, akuyang'ana nkhope ya malume wake amene sadamuonepo. Kenaka adatenga ndalama ija, nayang'ana miyala yosanjikizana ya ku Epworth yomwe ili kumaso kwake, natembenuza kuona njati ndi mathithi. Adayendetsa chala pa maziro monga tidachitira ife.

"Mwanangu, zimenezi ndi zingati?"

Nthawi ino yankho ndidali nalo. Ndidati, "Amayi, ndi zana la zikwi za zikwi za zikwi za zikwi."

Adabwereza mawuwo pang'onopang'ono, akupinda chala pa zikwi zilizonse, mpaka zala zinayi zidapindika.

"Nanga ankalephera bwanji kubwera?"

Ndidayamba kufotokoza za maziro atatu, khumi, khumi ndi awiri, za kabuku ka kubanki ndi kondakitala wa ku Hauna. Adamvetsera mpaka ndidamaliza. Kenaka adandibwezera ndalama ija, koma chitupa adachisunga. Adati chimenecho chigona m'nyumba ya mayi ake, ndipo m'mawa tipita nacho kumanda kukawauza kuti mlongo wawo wafika.